Musanapereke laputopu yakale, samutsani zanu motere

Mayi wina wandilembera imelo. Agula laputopu ya Windows 11, ndipo yakale ya Windows 10 akufuna kupatsa mdzukulu wawo. Funso lawo ndi ili: "Ndisamutsa bwanji zithunzi, makalata a kuntchito ndi mapulogalamu anga popanda kutaya kanthu?"

Mayi, laputopu yakaleyo isachoke m'manja mwanu mpaka mutagwira ntchito pa yatsopano kwa milungu ingapo. Mdzukulu adikire. Zinthu zimene munthu waiwala kusamutsa sazikumbukira tsiku losamutsalo, amazikumbukira tsiku limene wazifuna.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi disiki yakunja yolumikiza pa USB. Pa malo osungira mafayilo pa intaneti, Google Drive imapereka 15 GB yaulere, OneDrive ya Microsoft 5 GB, ndipo zithunzi za zaka zambiri sizingakwane m'menemo, kuwonjezera apo kuzikweza pa intaneti kumadya nthawi. Disikiyo ikhale ya exFAT kapena NTFS (awa ndi mayina a njira zimene disiki imasanjira mafayilo). Mafulashi ambiri amabwera ali a FAT32, imene imakana fayilo yoposa 4 GB, choncho vidiyo yaitali imakanika ngakhale malo alipo ambiri. Ngati laputopu ili ndi polowetsa USB pa mtundu wa buluu, lowetsani pamenepo, chifukwa nthawi zambiri imeneyo ndi USB 3.0 ndipo imathamanga kuposa 2.0.

Tsegulani C:, kenako Users, kenako foda ya dzina lanu. M'menemo muli Desktop, Documents, Downloads, Pictures, Music ndi Videos. Sankhani Copy, osati Cut. Cut imachotsa fayilo pamalo ake akale, ndiye magetsi akathima kapena chingwe chikazuka pakati pa ntchito, mumasokonezeka kuti chapita ndi chiti, chatsala ndi chiti. Onaninso ngati pali D:, popeza ambiri amasunga zinthu kumeneko n'kuiwala.

Pamene anthu amapwetekeka kwambiri ndi pa OneDrive, ndipo apa ndikupempha muwerenge mofatsa. Fayilo ikakhala ndi kachizindikiro ka mtambo pambali pake, dzina lake likuoneka pa laputopu koma fayilo yeniyeniyo ili pa intaneti. Musanakopere, dinani batani lakumanja la mausi pa fodayo, musankhe Always keep on this device, ndipo mudikire zonse zitsike. Ubwino wake ndi wakuti mukalowa pa laputopu yatsopano ndi akaunti yomweyo ya Microsoft, zimene zili pa OneDrive mudzazipeza.

Mapulogalamu sakopereka ngati zithunzi. Pulogalamu ikamaikidwa imamwaza tizidutswa take m'malo ambiri a Windows, kotero kunyamula foda ya Program Files sikuthandiza. Lembani mayina a amene mumagwiritsa ntchito, mupeze makiyi awo kapena maakaunti amene munagulira, muwaike mwatsopano. Windows 7 inali ndi chida chotchedwa Windows Easy Transfer, koma chinachotsedwa mu Windows 10, ndiye musataye nthawi kuchifunafuna.

Mapasiwedi ndi masamba amene munasunga mu Chrome kapena Edge amasamuka mukayatsa Sync, kenako n'kulowa ndi akaunti yomweyo ku laputopu inayo. Ngati mumagwiritsa ntchito Outlook yakale ija, pulogalamu ya maimelo yoikidwa pa kompyuta, makalata ena akhoza kukhala mu fayilo yothera ndi .pst pa laputopu pokha. Ifufuzeni ndi kuikopera, chifukwa makalata a kuntchito amene mwatchulawo mwina ali mmenemo.

Mukamaliza, musangokhulupirira kuti zatheka. Dinani kumanja pa foda yakale, musankhe Properties, muone chiwerengero cha mafayilo, muyerekeze ndi cha pa disiki. Kenako tsegulani zithunzi ndi makalata angapo, makamaka akalekale. Za pa disiki yakunjayo musazifufute mukazitsitsira pa laputopu yatsopano. Zikhale pawiri.

Ngati yakaleyo ingafe musanamalize, nthawi zambiri disiki yake imatha kuchotsedwa n'kuikidwa m'kabokosi ka USB. Koma ikakhala yokiyidwa ndi BitLocker, chida cha Windows chotetezera disiki, idzafuna kiyi ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Ilembeni lero, laputopu ikadali yamoyo.

Tsiku lopereka likafika, kufufuta mafayilo ndi kukhuthula Recycle Bin sikukwanira, pakuti alipo mapulogalamu obweza zofufutidwa. Pitani ku Settings, Update & Security, Recovery, Reset this PC, musankhe Remove everything, ndipo muyatse Clean data. Zimatenga maola, choncho isiyeni ili pa chaja. Mdzukuluyo mumuuzenso kuti thandizo lanthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025, ndiye aone ndi pulogalamu ya Microsoft yotchedwa PC Health Check ngati laputopuyo ingalandire Windows 11 asanayambe kulowa nayo mu akaunti zake.