Kwa achimwene ofuna kutsitsa Benz ija n'kuiveka ma 17

Achimwene amene mwafunsa za Benz yomwe anakusiyirani bambo anu, W123 230E ya 1982 ija, mukuti mukufuna muitsitse n'kuiveka malimu a mainchesi 17 ndi matayala opyapyala aja koma mukuopa kuti anthu akunenani kuti mwaononga galimoto, ndati ndikuyankheni motalikirako chifukwa pamwambapa ena angoti "tsitsani mani" ena "musayerekeze" koma palibe yemwe wanena chifukwa chake. Ineyo ndili ndi 240D, nayonso ndi W123, ndipo zomwe mukuganizazo ndinaziyesapo, zina ndinalira nazo, nde pepani ndilemba zambiri.

Galimoto ndi yanu, zimenezo tisakanganirane. Ndipo dziwani kuti anthu okonda magalimoto akale sitidzagwirizana pa nkhani iyi mpaka kalekale. Alipo aja oti galimoto ikhale momwe inatulukira ku fakitale, mpaka mawilukapu aja opakidwa penti yofanana ndi bodi, akaona lachilendo lililonse mutu umawapweteka. Alipo ena oti igone pansi penipeni, tayala lokokedwa pa limu lotambalala, mawilo opendekera mkati ngati mwana wa matewe, ena amachita kuika matumba a mpweya kuti akaimika galimoto izikhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Pa chithunzi zimakongola, sindikana. Ine ndili pakati, gulu lija loti sintha koma usinthe ndi zinthu zomwe munthu akanatha kugula galimotoyo ili yatsopano. N'chifukwa chake Mini kapena Escort yakale imakhala bho pa malimu a Minilite, Datsun pa Watanabe, Porsche 911 pa Fuchs, BMW E30 pa BBS zolukana ngati dengu zija. Diso limangovomera lokha chifukwa limu ndi bodi ndi za nthawi imodzi. BBS RS inatuluka 1983, ndiye pa Benz ya 1982 si mlendo ayi. Koma limu la masipoko owonda la galimoto ya dzana ukaliika pa W123 zimakhala ngati agogo avala nsapato za mdzukulu wawo.

Koma tisiye za maso, tiyambe ndi tayala, chifukwa apa ndi pomwe anthu ambiri amayambira kumchira. Amagula limu kaye kenako nkumasaka tayala loti likwane. Yambani ndi tayala. W123 inatuluka ndi malimu a 14, matayala ake 175 R14 kapena 195/70 R14 malinga ndi modelo. Tengani 195/70 R14 yo: 195 ndi kutambalala kwake m'mamilimita, 70 akutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi 70 peresenti ya 195, yomwe ndi 136 mm ndi kanthena, ndipo wilo lonse kuchoka pansi kufika pamwamba ndi pafupifupi 629 mm. Nambala imeneyi muisunge, chifukwa sipidomita, magiya ndi malo a m'madigadi zonse anazipangira wilo la msinkhu umenewo. Mukaika limu la 17 ndipo mukufuna msinkhu usasinthe, mufika pa tayala ngati 215/45 R17, lomwe ndi 625 mm, zabwinobwino pa sipidomita, koma khoma lake latsika kufika 97 mm. Mwataya 4 cm ya labala ndi mpweya pa wilo lililonse.

Nde 4 cm imeneyo si yokongoletsa ayi, ndi mbali ya sasipenshoni. Amene anapanga galimotoyi anawerengera kuti timabampu ting'onoting'ono, timiyala, ming'alu ya pa tala, tizithera m'tayala tisanafike ku sipuling'i. Mukachotsa zimenezo zonse zimakwera, zimadutsa m'mabushu a zaka 40, m'mabolojointi, mpaka mu dashibodi, muyamba kumva timaphokoso tomwe bambo anu sanatimvepo. Kufewa kuja koti munthu umadutsa pa msewu woipa uku wakumbuyo ali m'tulo, ndiye W123 yo imeneyo, ndi chimene anthu amaifera. Si pachabe inali takisi ku Germany mpaka ku Morocco, ndipo 280E ndi yomwe inapambana mpikisano wa London mpaka Sydney mu 1977, woyendetsa Andrew Cowan. Galimoto yoti mphamvu yake ndi kumeza msewu woipa, inu nkuichotsa m'mero.

Chinanso, limu la 17 nthawi zambiri limalemera kuposa la 14, ndipo kulemera kwa pa wilo n'koipa kuposa kwa m'buti chifukwa shokabu ndi imene imavutika kuligwira likamadumpha, injini nayo iyenera kulizunguza. 230E ili ndi mahosipawa 136 basi, ili yatsopano, mudzamva ndithu kuti yayamba ulesi ponyamuka. Tayala lotambalala limakondanso kutsatira mizere ya mumsewu, ndipo chiwongolero cha W123 ndi cha bokosi, chimakhala kale ndi kampata pakati, nde muzingowongola kumanja kumanzere ngati mukupalasa bwato.

Ine pa yanga ndinaima pa 15 ndipo ndi zomwe ndingakuuzeni. 205/60 R15 ndi 627 mm, kusiyana ndi yoyamba ija ndi 2 mm yokha, khoma likadali 123 mm. Kapena 195/65 R15 yomwe ndi 634 mm, imafanana kwambiri ndi 175 R14 ndipo ndi saizi yosavuta kuipeza chifukwa magalimoto ambiri amavala imeneyo. Apa palinso phindu lina, matayala abwino a 14 a saizi ya Benz akunka nasowa, ambiri omwe mungawapeze ndi a maveni aja olembedwa C kumapeto, olimba ngati thabwa, amenewo musaike. Ngati mtima ukukakamirabe zazikulu, 205/55 R16 ndi 632 mm, pamenepo ndiye malire anga, kupitirira apo ine ndatsika. Kwa aja ofuna zenizeni zakale, Michelin ndi Pirelli amapangabe matayala a maonekedwe akale ndi labala wamakono, monga XAS yomwe inayamba 1965 ndi Cinturato CN36, koma muyambe mwaona ngati saizi yanu ilipo.

Tsopano limu lenilenilo. Musangomva zoti "mabowo ndi asanu, ilowa". PCD, kutanthauza kuchuluka kwa mabowo a mabauti ndi kutalikirana kwake, ya Benz ndi 5x112, ya BMW zakale za mabowo asanu ndi 5x120, sizilowana. Audi ndi VW zambiri nazo ndi 5x112 koma bowo la pakati la zakalezo ndi 57.1 mm pomwe habu ya Benz ndi 66.6 mm, ndiye limu limakakamira pa habu osafika, ndipo ndinaonapo munthu akulimanga choncho ndi mabauti mwa mphamvu, Mulungu amukhululukire. Kenako offset, nambala ija yolembedwa ET kuseri kwa limu, yomwe imanena m'mene limu limalowera mkati kapena kutulukira kunja. Ya W123 ili pa ET30. Apa pali msampha womwe umagwira anthu ambiri: malimu a 15 a mabowo 15 okongoletsa aja alipo a ma Benz ena, a W126 ndi a W124 kapena 190E, pa maso amaoneka ofanana, koma a W126 offset yake ili cha m'ma 20 pomwe enawo ili cha m'ma 40. A W126 amakhala bwino, amadzaza madigadi. A W124 amalowa mkati, galimoto imaoneka ngati yabwereka miyendo, mwinanso nkumakhula mkatimo. Tembenuzani limu muwerenge nokha, osamvera wogulitsa.

Ndipo mabauti, chonde. Benz imamanga ndi mabauti a mutu wozungulira pansi pake, pomwe malimu ambiri ogula padera amafuna a mutu wosongoka, mukasakaniza bauti imagwira pa kamzere kochepa nkumamasuka yokha mukuyenda. Kutalika nakonso kumasiyana, a limu la aloyi ndi aatali kuposa a limu lachitsulo. Mukaphulitsa tayala nkumanga sipeya yachitsulo kumbuyo ndi mabauti aataliwo, amapyola nkukakhula zitsulo za handibuleki zomwe zili mkati mwa disiki. Sungani mabauti asanu aafupi m'buti, muwakulunge m'kansanza pafupi ndi jeke.

Za kutsitsa ndiye ndikuuzeni zanga. Nditangogula 240D ija ndinali ndi phuma ngati lanuli, ndinapita kwa makaniko wina, dzina ndisatchule, anati bwana musavutike kuitanitsa masipuling'i, tidula koyilo imodzi ndi theka ndi girayinda. Madzulo ake galimoto inaoneka bwino zedi, ndinaijambula mbali zonse, ndinachita kuimika patali kuti ndiziyang'ana ndikubwerera. Sabata yachitatu ndanyamula anthu atatu usiku, hampu yomwe ndinkaidutsa tsiku lililonse osaiganizira, ndinangomva "gu!" pansi pa mapazi. Ndinati mwina ndi ekizozi. Kuyenda pang'ono, kamuvi ka oyilo kaja komwe kamangokhala pa 3 ukamayenda ndikuona kakutsika pang'onopang'ono, ndinazimitsa pomwepo, kutuluka ndi tochi ya foni, mzere wakuda kuchokera pa hampu paja mpaka pomwe ndaima. Sampu ya galimoto zimenezi ili kutsogolo ndipo ili pansi, ndi imene imayamba kupereka moni. Chikhala kuti W123 ilibe geji ya oyilo bwenzi injini nditaipha usiku umenewo.

Vuto la kudula si kutsika kokha. Sipuling'i ukaichotsa makoyilo imauma, koma siuma mokwanira kulipira mpata womwe wataya, nde galimoto imangofika pa mabampu sitopu pa bampu iliyonse, shokabu nayo ikugwira ntchito pamalo pomwe sinapangidwire ndipo siichedwa kutha. Kuotcha ndi gasi kuti ifupike ndiye koipitsitsa, chitsulo chimafa, mbali imodzi imatsika kuposa inzake ndipo tsiku lina imathyoka. Kumbuyo kwa W123 kuli mikono yogwira mawilo yotchedwa ma semi-trailing arm, mukatsitsa mawilo amapendekera mkati okha, camber imeneyo ilibe poisinthira pa galimoto ya fakitale, ndiye tayala limadyeka mkati kunja kukuoneka kwatsopano, mumadzazindikira mawaya atatuluka. E30 nayo ndi chimodzimodzi kumbuyo, a Beetle zakale za swing axle ndiye osanena. Kutsogolo nako ma tie rod, zitsulo zokhotetsa mawilo zija, amasintha kaimidwe, galimoto nkumagwedeza mutu yokha ikaponda bampu.

Musanatsitse kalikonse, yang'anani kaye ngati sinatsike kale yokha. Galimoto ya 1982 masipuling'i atopa, makamaka kumbuyo, ndiye kutsogolo kumaoneka ngati kwakwera kwambiri pomwe vuto ndi matako omwe agwa. Anthu ambiri amene amati "Benz yanga yaima ngati thirakitala" akangosintha mashokabu, mabushu ndi kukweza kumbuyo kufika pake, maganizo otsitsa amatha. Komanso Benz ili ndi kachinsinsi kena: pamwamba pa sipuling'i iliyonse pamakhala labala, ndipo malabala amenewa alipo onenepa mosiyana, mumawadziwa ndi timaso ta m'mphepete, kamodzi ndiye wopyapyala, tambiri ndiye wonenepa. Kungosintha labala kumatsitsa galimoto pang'ono osakhudza chitsulo chilichonse, ndipo mawa mukasintha maganizo mumabwezera. Mukafuna zoposa apo gulani masipuling'i opangidwira W123 yo, otsitsa 3 cm kapena 4 cm, pamodzi ndi mashokabu ogwirizana nawo, kenako alayimenti tsiku lomwelo. Pa 3 cm ndi malimu a 15 galimoto imaoneka kuti yakhala bwino koma munthu sangaloze chomwe mwasintha, ine ndi zomwe zimandisangalatsa zimenezo, wina amazungulira kawiri nkufunsa kuti kodi mwaipaka penti?

Chenjezo limodzi lomwe sindikuseka nalo: sipuling'i ya kutsogolo ya W123 ndi yaitali ndipo imakhala yopanikizika koopsa. Timakompuresa ta zingowe ta m'mbali tija si take, imafuna ija yolowa mkati mwa sipuling'i yokhala ndi mbale ziwiri. Makaniko akatulutsa mawaya kapena chingwe kuti amangire, tengani makiyi muzipita. Ndipo kwa ena owerenga amene muli ndi siteshoni wagoni, ija ya T, kumbuyo kwake kuli sasipenshoni ya hayidiroliki yodzikweza yokha, nkhani yake ndi ina, musatengere za saluni.

Mwanena kuti matayala omwe alipo "akadali ndi mano" chifukwa galimoto inangokhala m'galaja. Mano asakunamizeni achimwene. Yang'anani m'mbali pomwe palembedwa DOT, kumapeto kuli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, monga 2314 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2014. Mukapeza manambala atatu okha ndiye kuti tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, limenelo ndi lodzalamo maluwa. Michelin yomwe imati tayala likakwana zaka 10 lichoke ngakhale lioneke bwanji. Labala wokalamba amauma, pa mvula amatereka ngati sopo, ndipo mwina kusakhazikika komwe mukuti galimoto ikuchita pa kona, komwe mukufuna kuthetsa potsitsa, ndi matayala amenewo ndi mashokabu akufa basi.

Malimu a 14 aja, mawilukapu ake ndi masipuling'i oyamba musagulitse, ngakhale wina akunyengerereni bwanji. Atsukeni muwaike pa shelefu. Ine anga ndinapatsa munthu mwaulere nthawi ya phuma ija, pano ndakhala zaka ndikusaka wilukapu imodzi ya mtundu wa galimoto yanga kkkk. Tajambulani kuseri kwa malimu a 17 mukuwafunawo pomwe pali ET ndi J (ya kutambalala kwa limu), mujambulenso DOT ya matayala ndi galimoto yonse cha m'mbali itaima pamalo osalala, muponye pompano tione ngati kumbuyoko sikunagwe kale.