Mustang ya 1967: penti yonyezimira isakupusitseni

Achimwene ena a ku Texas anditumizira imelo sabata yatha. Apeza Ford Mustang ya 1967 yokonzedwanso bwino, akufuna kuigula kuti pakatha zaka ziwiri adzaigulitse ndi phindu, ndiye akufunsa ngati nzeruyo ili bwino. Nditawerenga, mtima unandipweteka, chifukwa bala limeneli ine ndikadali nalo.

Yanga ndinaigula kuno ku Indiana, ku America. Mwini wake anandiuza kuti inachoka ku fakitale ndi injini yaikulu yotchedwa 390. Atailiza, mkokomo wake ndinaumva m'chifuwa, ndipo sindinafunsenso kanthu. Patapita miyezi, makaniko wina wachikulire anandilozera VIN, nambala imene fakitale imapatsa galimoto iliyonse. Pa Mustang za chaka chimenecho, chilembo chachisanu chimanena injini imene galimoto inabadwa nayo. S ndiye 390. Pa yanga panali C, kutanthauza injini yocheperako ya 289. Injini yaikuluyo anachita kuikamo pambuyo pake, koma ine ndinalipira mtengo wa yeniyeni.

Tsiku lomwelo mkuluyo anatenga botolo la madzi n'kuthira m'timipata tili m'munsi mwa galasi lakutsogolo. Tikuyang'ana, madzi aja anayamba kudontha pa kapeti, pomwe pamaponda woyendetsa. Dzimbiri linali litadya chitsulo mkati, momwe maso safika. Kuno nthawi yachisanu amawaza mchere m'misewu, ndipo mcherewo umagwira galimoto ngati chiswe pa nsichi. N'chifukwa chake anthu amalimbirana magalimoto amene akhala ku Arizona, kouma.

Mawu akuti "yokonzedwanso" ndimadana nawo masiku ano. Wina amavula galimoto yonse mpaka chitsulo, n'kuwotcherera zitsulo zatsopano. Wina amangomata fila, phala lotsekera maenje, pamwamba pa dzimbiri n'kupopera penti. Onse awiri amatchula mawu omwewo!

Chimene chimatisokoneza mitu ndi TV. Januwale aliyense timaonera misika ya okushoni ya magalimoto, Barrett-Jackson ku Scottsdale ndi Mecum ku Kissimmee, ma Shelby (Mustang zapadera zamphamvu) ndi ma Hemi (magalimoto a Chrysler a injini yamphamvu) akugulidwa ndalama zoopsa. Amenewo anapangidwa ochepa. Mustang wamba ndi nkhani ina: inatuluka mu Epulo 1964, ndipo zaka ziwiri zisanakwane Ford inali itapanga miliyoni imodzi. Zilipo zambirimbiri, ndipo ogula amadziwa zimenezo.

Nanga mutani, achimwene?

Werengani VIN. Itanitsani Marti Report, imene imachokera m'mabuku a Ford kuyambira 1967 ndipo imanena injini, mtundu wa penti ndi zonse zimene galimotoyo inatuluka nazo. Yendetsani maginito m'munsi mwa zitseko. Pomwe sakugwira pali fila. Thirani madzi aja. Funsani malisiti ndi zithunzi za ntchito yokonzayo, akakana, bwererani kunyumba. Za phindu m'zaka ziwiri, musadalire: inshuwalansi, garaja ndi zokonza zidzalidya.

Ine yanga ndinaigulitsa kwa bambo wina wopuma pantchito. Ndinamuonetsa chilembo cha C chija ndi kapeti yonyowa asanatulutse ndalama, ndipo ndinalandira zochepa kuposa zimene ndinalipira.