Mkango wa m'khola, bwanji osangoubweretsa ku paki ya Kasungu kuno?

Achimwene ena a kwa Chulu andilembera imelo. Akuti adaona vidiyo pa Facebook, mkango uli m'kakhola kachitsulo kunja uko, nthiti zikuchita kuwerengeka, ndiye akufunsa kuti bwanji boma osangoitanitsa mikango yotereyi n'kudzaimasula m'paki ya Kasungu poti mikango idachepa muno.

Achimwene, chisoni chanucho ndachimva, inenso mavidiyo amenewa amandidula mtima. Koma ayi, sizingatheke.

Mkango wobadwira m'khola sudziwa kusaka. Chakudya chake chakhala chikubwera pa wilibala, ndiye ukaona munthu suthawa, umayandikira poganiza kuti nyama yafika. Tsono muusiye m'pakimu, mausiku angati usanatulukire ku makola a mbuzi kwanu komweko? Inu a m'malire mwa paki mukudziwa kale mavuto a njovu, makamaka chibwerere 263 zija zochoka ku Liwonde mu 2022. Mathero ake mkangowo angauombere basi, mwinanso utavulaza mwana wa munthu.

Komanso matupi awo amakhala atawonongeka kale. Kamwana ka mkango akakalanda kwa mayi ake kuti alendo azijambula nako zithunzi, n'kumakadyetsa mnofu wokhawokha wopanda fupa, mafupa ake amakula ofewa, miyendo kupindika, msana kukhota, ndipo ina mano idathyola poluma zitsulo, ina eni ake adaichotsa zikhadabo dala.

Chitsanzo chili pafupi pompa, ku Lilongwe Wildlife Centre, malo osamalira nyama zakutchire zopulumutsidwa. Mu 2009 bungwe la Born Free lidabweretsa mkango waukazi dzina lake Bella kuchokera ku zuu ya ku Buhusi, dziko la Romania. Udali ndi diso limodzi, miyendo yakumbuyo yosalimba bwino. Mu 2014 kudabweranso mkango wina dzina lake Simba, wochokera ku France kudzera ku Belgium. Palibe amene adaitengera kutchire. Adaipatsa malo otchingidwa ndi waya, muli udzu ndi mitengo ndi mthunzi, dokotala wa zinyama ali pafupi. Tangoganizani chinyama chozolowera simenti kuyamba kuponda dothi, kugona pansi pa mtengo. Kwa ine chimenecho sichaching'ono ayi.

Ndipo ndi ntchito yodula, mkango wosungidwa umatha kufika zaka 20, nyama makilogalamu angapo tsiku lililonse, mankhwala, alonda. Malo enieni osamalira nyamazi saziswetsa, sazigulitsa, ndipo salola mlendo kuzisisita. Mukaona pena akukupatsani kamkango kuti munyamule mulipire, imeneyo ndi bizinesi, ndipo makhola mwaona aja amayambira pomwepo.

Za kubwezeretsa mikango m'paki zimachitika, ku Majete adatero mu 2012, ku Liwonde mu 2018, koma idali mikango yam'tchire yodziwa kusaka, ndipo mpanda adayamba amanga kaye. Kuno kwathu tiyambe ndi makhwekhwe aja anthu amatchera m'pakimu, chifukwa waya wotchera nguluwe ndi womwewo umadula mwendo wa kambuku.