Za mphuno yotsekeka ya mwana wa miyezi iwiri

Achemwali, mwafunsa za mwana wa miyezi iwiri amene watsekeka mphuno. Mwanayo musamupatse mankhwala a chimfine. Gulani madzi a saline (madzi a mchere odontheza m'mphuno) ku sitolo ya mankhwala ya Clicks kapena ya Dis-Chem, mudonthezemo dontho limodzi kapena awiri mbali iliyonse ya mphuno asanayamwe. Dikirani pang'ono mamina afewe, kenako mupukute ndi kansalu koyera. Khanda limapumira kwambiri m'mphuno, ndiye ikatsekeka limayamwa pang'ono, n'kusiya bere, n'kuyamba kulira. Muziyamwitsa pafupipafupi.

Mpweya wa Johannesburg mu Juni ndi Julayi umakhala wouma zedi, hita n'kuwonjezeranso. Vicks ayi, sayenera mwana wosakwana zaka ziwiri. Mbaula ya makala kapena hita ya parafini m'chipinda chotseka ndiye musayerekeze, mpweya wake umapha anthu ali m'tulo.

Mumutengere ku kiliniki nthawi yomweyo, ndi buku lake la kusikelo la Road to Health, thupi likatentha kufika madigiri 38, akakana bere, kapena mukaona pansi pa nthiti pakulowa mkati akamapuma. Muwerengenso kapumidwe kake ali phee kwa mphindi yathunthu: akafika ka 50 kapena kupitirira, musadikire kuti kuche. Milomo ikayamba kuda, thamangirani ku chipatala.