Kodi munthu amene ali m'kaundula wa ogwiririra angalowe pasukulu ku England?

Mayi,

Mwalemba kuti mumakhala ku Leeds, mwana wanu wamkazi ali ndi zaka 7, ndipo pagulu la WhatsApp la makolo pamveka zoti bambo wina amene amabwera kudzatenga mwana wake pageti la sukulu ali m'kaundula wa anthu amene anapezeka olakwa pa milandu yogwiririra. Mukufunsa ngati lamulo limamulola kuponda pasukulupo, komanso chimene mungachite.

Yankho lake mwina silikusangalatsani. Ku England, kukhala m'kaundula pakokha sikuletsa munthu kufika pasukulu. Chimene chimaletsa ndi chigamulo cha khothi chokhudza munthuyo payekha, malamulo amene anamutulutsira m'ndende, kapena kalata ya mphunzitsi wamkulu. Ngati palibe chimodzi mwa zimenezi, bamboyo ndi kholo ngati inu, ndipo atha kudzatenga mwana wake.

Kaundulayu anayamba mu 1997, ndipo lero amayendetsedwa ndi gawo lachiwiri la Sexual Offences Act ya 2003. Cholinga chake n'chakuti apolisi azidziwa kumene munthu ali. Pasanathe masiku 3 chigamulo chitaperekedwa, kapena atatuluka m'ndende, munthuyo amapita yekha kupolisi kukapereka dzina, tsiku lobadwa, adiresi, nambala ya National Insurance, pasipoti ndi maakaunti akubanki, ndipo amabwereza chaka ndi chaka. Akasamuka, akafuna kupita kunja, kapena akakhala maola 12 kapena kuposerapo m'nyumba momwe muli mwana wosakwana zaka 18, ayenera kukanena. Akazemba, atha kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Amene analamulidwa kukhala m'ndende miyezi 30 kapena kuposerapo amakhala m'kaundula mopanda malire, ngakhale atha kupempha kuti aunikidwenso pakatha zaka 15. Wa miyezi yoposa 6 koma yosakwana 30 amakhalamo zaka 10, wa miyezi 6 kapena kucheperapo zaka 7, ndipo amene anangochenjezedwa ndi apolisi atavomera mlandu, zaka 2. Dzina loti kaundula wa ogwiririra limasocheretsanso: mulinso amene anagwidwa ndi zithunzi zolaula za ana pafoni, ndi amene analakwira munthu wamkulu, osati mwana. Kaundulayu saonetsedwa kwa anthu wamba, choncho amene analemba pa WhatsApp sanamuwerenge. Anachita kumva, ndipo nkhani yakumva imatha kukhala yoona, yakale, kapena ya munthu wina wa dzina lofanana.

Chida champhamvu kwambiri ndi chigamulo chotchedwa Sexual Harm Prevention Order, chimene makhothi akhala akupereka kuyambira mu 2015. Woweruza amalemba zinthu zimene munthuyo sayenera kuchita, malinga ndi mlandu wake: kukhala ndi mwana wosakwana zaka 16 popanda wamkulu wina wodziwa za mlanduwo, kugwiritsa ntchito intaneti pafoni yosalembetsa kupolisi, kapena kulowa pasukulu ndi pamalo osewerera ana. Chigamulochi sichichepera zaka 5, ndipo kuchiphwanya ndi mlandu wa mpaka zaka 5 m'ndende. Koma mawu ake amasiyana munthu ndi munthu. Wina amaletsedweratu kufika pasukulu, wina amaloledwa kudzatenga mwana wake ngati apolisi kapena a zosamalira ana avomereza, ndipo wina za sukulu sizitchulidwa n'komwe chifukwa mlandu wake sunakhudze ana. Amene watuluka m'ndende nthawi yake isanathe amakhalanso pansi pa ofesala wa Probation Service, nthambi ya boma yoyang'anira anthu otuluka m'ndende, amene atha kumuletsa kuyandikira misewu kapena sukulu zina. Akaphwanya amabwezedwa kundende.

Mphunzitsi wamkulu alinso ndi mphamvu. Bwalo la sukulu si msewu wa aliyense. Makolo amalowa chifukwa sukulu yawalola, ndipo sukulu itha kuchotsa chilolezocho polemba kalata, ngati ikuona kuti kholo ndi chiopsezo kwa ana kapena aphunzitsi. Kholo limapatsidwa mpata wofotokoza mbali yake, ndipo chiletsocho chimayenera kuunikidwanso pakapita nthawi. Woletsedwa akabwera n'kusokoneza, gawo 547 la Education Act ya 1996 limalola kuti achotsedwe ndi kuimbidwa mlandu. Nthawi zambiri sukulu zimasankha njira yapakati: mwana azitengedwa ndi mayi ake kapena agogo, kapena bamboyo azimulandirira ku ofesi pa nthawi yoikika, ndipo za maphunziro a mwanayo azikambirana pafoni.

Pa nkhani yogwira ntchito, lamulo silinyengerera. Amene ali pamndandanda wa oletsedwa kugwira ntchito ndi ana wa Disclosure and Barring Service, bungwe la boma lofufuza mbiri ya milandu ya ofuna ntchito, sangaphunzitse, kuyang'anira ana payekha kapena kuyendetsa basi ya sukulu, ndipo akatero, iye ndi womulemba ntchito akudziwa amalakwira lamulo onse awiri. Dongosololi linakhwimitsidwa Ian Huntley, wosamalira nyumba za sukulu ku Soham, atapha atsikana awiri a zaka 10 mu 2002. Chowawa n'chakuti Huntley sanali m'kaundula. Madandaulo okhudza iye analipo, koma khothi linali lisanamupezepo wolakwa pa mlandu wogwiririra.

Mawa m'mawa, musayambe ndi gulu la makolo. Pitani ku ofesi ya sukulu mukapemphe kuonana ndi mphunzitsi woyang'anira chitetezo cha ana, amene kuno amatchedwa Designated Safeguarding Lead. Sukulu iliyonse imayenera kukhala naye. Muuzeni zimene mwamva, kwa ndani, liti, ndi zimene mwaona ndi maso anu, ndipo mutumizenso zomwezo pa imelo kuti pakhale umboni wa tsiku. Musakhumudwe akapanda kukuuzani za bamboyo. Lamulo losunga chinsinsi limamumanga pakamwa, koma ali ndi njira yolankhulira ndi apolisi ndi a khonsolo, ndipo n'kutheka kuti sukulu ikudziwa kale ndipo inakonza dongosolo.

Ngati bamboyo amakumana ndi mwana wanu mwachindunji, monga mwana wanu amakasewera kunyumba kwake kapena amakwera galimoto yake, gwiritsani ntchito njira yotchedwa Sarah's Law. Dzinali linachokera kwa Sarah Payne, mtsikana wa zaka 8 amene anaphedwa mu 2000 ndi munthu yemwe anali atamangidwapo chifukwa cholakwira mwana, ndipo njirayi inafalikira ku England ndi Wales konse mu 2011. Mumaimba 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosakhala zadzidzidzi, kupita kupolisi, kapena kulemba fomu pa intaneti patsamba la West Yorkshire Police, apolisi a dera lanu. Apolisi amafufuza koyamba mkati mwa maola 24, kenako amakuitanani kuti mukaonetse chiphaso chanu ndi kufotokoza mmene bamboyo amafikira kwa mwanayo. Apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi: apolisi amaulula pokhapokha ngati kuulula kuteteza mwana amene munthuyo amatha kumufikira. Kungoimirira limodzi pageti kawirikawiri sikukwanira. Akaulula, amauza munthu amene angathe kuteteza mwanayo, ndipo amasainitsa chikalata cholonjeza kusauza ena. Mukaona mwana ali pangozi nthawi yomweyo, imbani 999.

Ndikupempheni ndi mtima wonse: musatumize dzina, chithunzi kapena nambala ya galimoto yake pa WhatsApp kapena Facebook, ndipo musapite pakhomo pake ndi anzanu. Kuvutitsa munthu mobwerezabwereza ndi mlandu pansi pa Protection from Harassment Act ya 1997, kumunamizira kungakufikitseni kukhothi pa mlandu woipitsa mbiri, ndipo kwa amene muli pa viza, mlandu umatha kusokoneza mapepala. Ku Bristol mu 2013, Bijan Ebrahimi, wothawa kwawo ku Iran, anamenyedwa mpaka kufa ndi kuwotchedwa anthu oyandikana naye atamunamizira kuti amagona ana. Analibe mlandu. Ngakhale mphekesera itakhala yoona, munthu wothamangitsidwa amasamuka mwakabisira, apolisi n'kusowa kumene ali, pamene mwana wake wosalakwa amatsala m'kalasi akusalidwa.

Mwafunsanso ngati sikungakhale bwino kuti lamulo lingoletsa onse a m'kaundula kuponda pasukulu. Mantha anu ndikuwamvetsa, koma ine ndimaona kuti chiletso choyang'ana mlandu wa munthu aliyense chimateteza bwino. Pageti pamakhala aphunzitsi ndi makolo ambiri. Ana ochuluka amalakwiridwa ndi munthu amene amamudziwa, m'nyumba, m'galimoto kapena pafoni, kumene kulibe maso. Choncho mpaka mutamva kuchokera kupolisi, mwana wanu asapite kukasewera kapena kukagona kunyumbako, asakwere galimotoyo, ndipo lembani ku ofesi mayina a anthu okhawo amene mwawaloleza kudzamutenga.