Mandimu satha magazi, ndipo nthaka siwawasitsa malalanje

Novembala akafika kuno ku Salima, mango amangoti mbwee pansi pa mitengo kuyambira ku Chipoka mpaka ku Khombedza, ndipo pakati pa mafunso a mbewu ndi feteleza pamalowanso ena a zipatso. Chaka chino alimi otsogola andibweretsera angapo. Poyamba ndinkayesa kuti ndi nkhani zosiyana, koma onse akudandaula chinthu chimodzi, kuwawasa. Wina akuti kwamuwonongera munda, wina magazi, wina mano a ana, wina ndowa. Ena akunena zoona, ena akunamizira chipatso chosalakwa.

Ndiyambe ndi bambo a ku Tembwe. Anadzala malalanje omezanitsa zaka zisanu zapitazo, koma mitengo iwiri ikubereka zipatso za khungu lokhakhala, zowawasa zoti ngakhale mwana wa nkhuli amalavula. Anzawo awauza kuti nthaka ili ndi asidi chifukwa amatayirapo makoko a mandimu ndi mango owola, ndiye akufunsa ngati agule laimu, ufa wothira m'munda wochepetsa asidi wa m'nthaka.

Bambo, ndalama ya laimuyo isungeni kaye. Asidi wa m'chipatso sachokera m'dothi n'kukwera ndi mizu ayi, mtengo umapanga wokha mkati mwa chipatsocho. Makoko akawolerana amasanduka manyowa ngati zinyalala zina zonse. Pitani mukagwade patsinde pa mitengo iwiriyo, muyang'ane pafupi ndi pansi. Mupeza kachipsera pomwe anamezanitsira. Mbande zambiri za malalanje ndi manachesi zimamezanitsidwa pa chitsa cha mandimu okhakhala aja, poti mizu yake ndi yamphamvu ndipo imapirira ng'amba. Kumunsi kwa chipseracho ndi mandimu, kumtunda ndi malalanje. Mbuzi ikadya nsonga, kapena moto wolusa ukawaula kumtundako, chitsa chimatulutsa mphukira zake, ndipo mphukira zimenezi zimathamanga kuposa nthambi ya lalanje mpaka kuipha. Mwini wake amangosangalala kuti mtengo wakula msanga, osadziwa kuti akuthirira mandimu. Ngati nthambi ya lalanje ikadali ndi moyo, dulani zonse zotuluka pansi pa chipsera, ndipo muzithothola zatsopano zikadali zanthete. Ngati inafa kalekale, tidzadule mtengowo ndi kumezanitsanso pa mphukira zathanzi. Laimu amathiridwa pokhapokha dothi litayezedwa, ndipo titha kukuthandizani kutumiza dothi lanu ku Chitedze.

Pali chinanso chomwe chimapusitsa alimi a kunyanja kuno. Khungu la lalanje limafuna usiku wozizira kuti lisinthe mtundu, ndiye kwathu kotentha kuno lalanje limatha kupsa mkati kunja likadali lobiriwira. Musadalire maso, thyolani limodzi mulawe. Ndipo musathyole osakhwima n'cholinga chokavundika. Lalanje likachoka mumtengo siliwonjezeranso shuga, lathyoledwa lowawasa lidyedwa lowawasa. Mango ndi nthochi ndizo zimavundikika, chifukwa zikakhwima zimakhala ndi ufa mkati womwe umasanduka shuga, asidi wa mango n'kumatsika tsiku ndi tsiku. N'chifukwa chake boloma wokukwinyitsani nkhope lero amakhala uchi sabata yamawa. Bwemba yekha ndi wamakani. Asidi wake, wotchedwa tartaric, satha ngakhale chipatso chiumire mumtengo.

Funso lomwe landikhudza kwambiri ndi la mayi woyembekezera wa ku Lifuwu. Kusikelo anamuuza kuti magazi ndi ochepa, ndipo apongozi ake amuletsa mandimu, malalanje ndi malambe, akuti zowawasa zimatha magazi.

Amayi, apongozi anuwo akukufunirani zabwino, ndipo muwayankhe mwaulemu, koma apa aphonya. Akatswiri amayeza ukali wa asidi ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwino ali pa 7, ndipo nambala ikamatsika ndiye kuti asidi akukula, sitepe iliyonse kakhumi. Madzi a mandimu ali cha pa 2, a malalanje pakati pa 3 ndi 4. Nanga m'mimba mwanu? Mumapangidwa asidi wakewake wogaya chakudya, wa pakati pa 1.5 ndi 3.5, kutanthauza kuti mandimu akafikamo amapeza mwini nyumba ali wolusa ngati iwo kapena kuposa. Akadutsa apo, thupi limatentha asidi wa m'mandimuwo, wotchedwa citric, monga limachitira ndi shuga, n'kupezamo mphamvu. Magazi amakhala pakati pa 7.35 ndi 7.45, ndipo impso ndi mapapo zimalondera nambala imeneyi usana ndi usiku. Kapu ya juwisi singaisunthe.

Chodabwitsa n'chakuti zomwe akuletsanizo ndi zomwe mukufunika. Magazi amapangidwa ndi ayironi, ndipo ayironi wa m'nyemba, m'khobwe, m'bonongwe ndi m'chisoso amavuta kulowa m'thupi payekha. Vitamini C, yemwenso ndi mtundu wa asidi, ndiye amamutsegulira khomo. Choncho lalanje kapena gwafa mukangotha nsima, kapena kufinyira mandimu pa ndiwo zamasamba zitaphulidwa, n'kothandiza. Chomwe chimatseka khomolo ndi tiyi womwera pachakudya, ameneyo muzimwa patapita ola kapena awiri. Zotha magazi zenizeni kuno timazidziwa: malungo, njoka zam'mimba, likodzo la m'madzi osayenda a m'mbali mwa nyanja ndi m'minda ya mpunga, kudya mosasinthasintha. Gonani m'neti, ndipo mapiritsi a ayironi a kusikelo aja musawabise pansi pa mphasa.

Musaganizenso kuti chowawasa kwambiri ndicho chili ndi vitamini C wambiri. Gwafa sawawasa kwenikweni koma amaposa lalanje pafupifupi kanayi pa kulemera kofanana. Ufa wa malambe umaposanso lalanje, ndipo papaya lomwe timasiyira mbalame lija silitsalira. Kuwawasa kwa mandimu n'kwa citric, vitaminiyo ndi kachigawo kochepa chabe. Ndinenenso kwa a mbali inayo, amene amati madzi otentha a mandimu amatsuka magazi kapena kuchiza malungo. Nawonso aphonya, pa chifukwa chomwechi. Thupi likatentha, kayezetseni.

Mnyamata wina wa sekondale anafunsa chifukwa chake soda amachita thovu ukamuthira mandimu. Soda ndi chidulo zili mbali ina ya muyeso uja, pamwamba pa 7, ndipo zikakumana ndi asidi zimathetsana mphamvu. Thovulo ndi mpweya wa carbon dioxide womwe ukuthawa. Vuto ndi loti soda yemweyo akalowa mumphika wa masamba amawononga vitamini C ndi ena a gulu la B. Ine sindilimbana ndi therere, nanenso ndimadya, ndipo ndikudziwa kuti lopanda soda silitereka. Koma nkhwani, mpiru ndi rape sizifuna soda. Tsiku la therere, patsani ana chipatso pambuyo pake.

Tsopano pomwe asidi ali ndi mlandu weniweni. Agogo ena a ku Senga Bay akuti adzukulu awo amatandala akumung'unya malambe, bwemba ndi mango aawisi othira mchere ndi tsabola, ndipo madzulo amalephera kutafuna nsima, mano atachita dziru. Agogo, dziru limenelo ndi chenjezo. Chikuto cholimba cha kunja kwa dzino chimayamba kusungunuka pH ya mkamwa ikatsika kupitirira 5.5, ndipo zipatso zonsezi zili pansi pa nambala imeneyo. Malovu amatha kukonza pang'ono akapatsidwa mpata, koma chikuto chikaperepeseka n'kutha sichimeranso. Choopsa si kuchuluka kwa malambe, koma kutalika kwa nthawi yomwe akhala mkamwa. Mwana wodya kamodzi n'kumwera madzi ali bwino kusiyana ndi woyamwa kajuwisi kouma ka m'pepala kuyambira mmawa mpaka dzuwa kupendeka, poti kameneko kali ndi asidi ndi shuga pamodzi. Akatha kudya achukuche mkamwa ndi madzi, koma mswachi udikire theka la ola, chifukwa nthawi imeneyo dzino limakhala lofewa kunja ndipo kukwecha kumangolipala. Atsikana amene mukuyeretsa mano ndi mandimu osakaniza soda kapena phulusa, lekani. Chikuto chikapyapyala dzino limaoneka lachikasu kuposa kale.

Za zilonda zam'mimba ndingodutsa, poti ine ndi wa kumunda osati wa kuchipatala. Zipatso siziyambitsa zilondazi. Kawirikawiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kapena kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen. Koma amene ali nazo kale, kapena wa chilungulira, zowawasa zimatha kumulasa monga mchere pabala, makamaka m'mimba muli pululu. Ameneyo asankhe nthochi ndi mapapaya. Chimbudzi chakuda bii kapena kusanza magazi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a BP, funsani adokotala musanazolowere manyumwa, chifukwa amasokoneza kagwiridwe ntchito ka mankhwala ena.

Gulu la amayi opanga jamu ndi juwisi pafupi ndi Kamuzu Road lili ndi madandaulo awiri: juwisi wa malambe akumveka chitsulo, ndipo jamu wa mango sakugwira, akungoyenderera ngati phala la mwana. Loyambali landikumbutsa zomwe ndinaona kumsonkhano wina ndili wongoyamba ntchito. Juwisi wa bwemba anagona usiku wonse m'ndowa yamalata yatsopano, ndipo pofika masana theka la anthu linali kuseri kwa nyumba likusanza, ine ndemwe ndili pomwepo. Ndowa zamalata zimakutidwa ndi chitsulo chotchedwa zinc, ndipo asidi amachisungunula n'kuchisakaniza m'chakumwa. Mapoto a aluminiyamu nawo amadyeka. Mudaonapo poto wakuda mkati akuwala mbee mutaphikamo chidede kapena tomato wambiri? Chomwe chachoka papotocho chalowa m'chakudya. Kuphika kwa kanthawi si nkhani yaikulu, koma musanyikemo kapena kusungamo zowawasa. Gwiritsani ntchito mapoto a stainless steel, mabotolo agalasi, kapena ndowa zapulasitiki zogulira chakudya, osati zigubu zomwe munali mafuta a galimoto kapena mankhwala a thonje.

Pa jamu, asidi yemwe wawononga ndowayo ndiye bwenzi lanu. Kuti jamu agwire pamafunika zitatu: shuga, asidi, ndi kaulimbo kachilengedwe ka m'chipatso kotchedwa pectin. Mango opsa kwambiri amakhala atataya asidi, kaulimbo kaja katafooka. Ndikudziwa kuti mumatola opsetsa chifukwa ndi otsika mtengo, koma sakanizanimo ena ongoyamba kupsa, ndipo pa kilogalamu iliyonse ya zipatso thirani masupuni aakulu awiri kapena atatu a madzi a mandimu, shuga akhale wolemera pafupifupi mofanana ndi zipatsozo. Dontheza pang'ono pa mbale yozizira, ukakankha ndi chala n'kuchita makwinya ndiye kuti wapsa.

Mandimuwo ali ndi ntchito ina yoposa kukoma. Nambala yoti muiloweze ndi 4.6. Pansi pake, kachilombo koopsa kamene kamapanga poizoni m'mabotolo otsekedwa, koyambitsa matenda a botulism, sikatha kukula. Mango opsetsa ndi mapapaya amatha kukhala pamwamba pa nambala imeneyi, choncho kuwatsekera m'botolo opanda mandimu n'kuseweretsa moyo wa ogula. Koma asidi saletsa nkhungu ndi yisiti, n'chifukwa chake juwisi amasasa ndipo botolo limafufuma. Wiritsani mabotolo ndi zotsekera zake, thirani jamu akadali wotentha, ndipo botolo lotupa chivindikiro litayeni osalawa. Madzi osungunulira malambe akhale owiritsa kapena othira klorini. Tonse tikukumbuka kolera ya 2022 ndi 2023 momwe inasautsira m'mbali mwa nyanja muno, ndipo kuwawasa kwa malambe si mankhwala a madzi oipa. Oyanika mango ndi nthochi, viikani zidutswazo m'madzi ofinyiramo mandimu kwa mphindi zochepa kuti zisade. Mukafuna kulowa m'mashopu, katundu wanu ayenera kudutsa ku Malawi Bureau of Standards, ndipo pH ndi chimodzi mwa zomwe zimayezedwa pa zinthu zotere.

Otchola mango akuti asidi wa utomoni akuwatentha manja ndi kudetsa zipatso. Utomoniwo umaotcha ndithu, koma chootcha ndi mafuta ake, si asidi wowawasa uja. Tcholani ndi kaphesi kotalika ngati chala, mukadulire pansi, mango muwazondotse pa thandala kuti utomoni udonthere pansi, ndipo musambe ndi sopo musanagwire kumaso.

Lomaliza ndi la bambo a ku Chinguluwe, omwe mbuzi zawo ziwiri zinatupa mimba, kutsegula ndi kuleka kubzikula zitatandala pansi pa mitengo ya mango. Iwo akuti kuwawasa kwa mango ndiko kwazipweteka. Bambo, ndi kutsekemera. Chifu cha mbuzi ndi ng'ombe chinazolowera udzu, ndipo pH yake imakhala pakati pa 6 ndi 7. Shuga wambiri akalowamo mwadzidzidzi, tizilombo ta m'chifumo timamusandutsa asidi wa lactic, chifu n'kuima. Zimachitikanso chimodzimodzi mbuzi ikaba madeya kapena mphale yambiri. Ng'ombe zimatsamwidwanso ndi mango omeza athunthu. Mukaona zizindikirozi chotsani ziweto pamangopo, zipatseni udzu wouma, ndipo itanani alangizi a ziweto msanga, musazimwetse zinthu mokakamiza chifukwa zimatha kulowa m'mapapo. M'nyengo ino mbuzi ziyambe zakhuta udzu zisanafike kumitengo. Mango akugwawo muzitola mmawa uliwonse, abwino mudye kapena muyanike, owola muwakwirire m'dzenje lakuya theka la mita kapena kuposa. Mukatero mwakwiriranso mphutsi za ntchentche zoboola zipatso, zomwe zikanatuluka m'dothi kudzaluma mango anu a Kent ndi Keitt ochedwa kupsa aja.