Tifunseni za Umoyo: Mapiritsi a Asilikali Apamadzi

Funso: Adokotala, ndine msilikali wapamadzi, ndangoyamba kumene ntchito. Tinakocheza padoko lina la kudera la malungo ndipo anatipatsa doxycycline, mapiritsi oteteza ku malungo. Pano tili pakati pa nyanja, udzudzu kulibe, ndipo anzanga ambiri asiya kumwa. Nanenso ndisiye?

Yankho: Musasiye. Udzudzu ukakulumani, tizilombo ta malungo timayamba tabisala m'chiwindi kwa sabata imodzi kapena kupitirira, kenako n'kulowa m'magazi. Doxycycline amatigwira bwino tikafika m'magazimo. N'chifukwa chake mumamwa piritsi limodzi la 100 mg tsiku lililonse, kuyambira tsiku limodzi kapena awiri musanafike kuderalo mpaka masabata 4 mutachokako. Anzanuwo asiya pomwe mankhwala akufunika kwambiri.

Ambiri amadandaula kutentha pachifuwa, koma vuto limakhala kamwedwe. Munthu wachoka pa ulonda usiku, wameza piritsi popanda madzi, wadzigwetsa pabedi. Piritsilo limakakamira kummero n'kuyambitsa zilonda. Imwani ndi kapu yodzaza ya madzi mutadya, ndipo musagone mpaka padutse mphindi 30. Mankhwalawa amapangitsanso khungu kupsa msanga ndi dzuwa, choncho pogwira ntchito pamwamba pa sitima valani malaya a manja aatali ndi chipewa. Thupi likadzatentha, ngakhale patapita miyezi, musangoti ndi chimfine. Auzeni azachipatala a m'sitima komwe munakocheza kuti akuyezeni malungo.

Funso: Ndimagwira ntchito m'chipinda cha injini ndipo mutu umandipweteka pafupipafupi. Ndimamwa panado pamodzi ndi mankhwala a chimfine. Pali vuto?

Yankho: Tembenuzani mapaketi onse awiri muwerenge timalemba tating'ono ta kumbuyo. Mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol, yemwe ndi panado yemweyo, ndiye mukumwa kawiri osadziwa. Munthu wamkulu asapitirire 1,000 mg nthawi imodzi, pazidutsa maola osachepera 4, ndipo pa maola 24 asadutse 4,000 mg. Mukapyola, chiwindi chimawonongeka mwakachetechete, zizindikiro n'kudzaonekera patapita tsiku kapena masiku.

Komabe ife tikuganiza kuti chikukupweteketsani mutu ndi kutentha ndi thukuta. Yang'anani mkodzo wanu: ukakhala wochepa komanso wachikasu kwambiri, m'thupi mwachepa madzi, ndipo panado sangathetse zimenezo. Imwani madzi pang'onopang'ono ulonda wonse, osadikira ludzu. Mukatuluka thukuta kwa maola ambiri, sungunulani paketi ya ORS m'madzi ochuluka monga alembera papaketipo.

Tikudziwa kuti achinyamata amabisa matenda poopa kutchedwa ofooka. Pa zinthu ziwiri izi musabise. Mnzanu akayamba kudzandira kapena kulankhula zosamveka m'malo otentha, mutulutseni, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ozizira thupi lonse uku wina akuitana azachipatala. Ndipo ngati mutu ukupweteka anthu angapo nthawi imodzi, n'kumasiya mukatuluka panja, uzani wamkulu wa injini nthawi yomweyo. Utsi wa injini ukhoza kukhala ukutulukira m'chipindamo, ndipo mpweya wapoizoni wa carbon monoxide ulibe fungo.